Minibasi ya Che Twaibu

Tinakumana swala ya m'bandakucha itangotha,
pa ngodya ya ku Mayfair pogulitsira matayala akale.
Che Twaibu anali atalemba pa katoni ndi inki yofiira:
ku Magaliesberg, marandi mazana atatu,
nyama yozingidwa mwa chikhalidwe chathu,
nthawi ya swala galimoto imaima.

Mzere womalizawo ndi umene unandikoka.
Zaka zisanu ndi chimodzi ndikusoka makatani
m'chipinda chapansi ku Fordsburg,
ndipo mapiri amene ndawaona kuno ku Joni
ndi milu yachikasu ya dothi la m'migodi.

Tinalipo khumi ndi anayi.
Abiti Sumani anafungata poto wa mpunga ngati khanda.
Rajabu, wa pa filing'i siteshoni uja,
anakhala pa chigubu cha madzi a udhu,
chikulira pansi pake pa bampu iliyonse.
Pa mseu waukulu tinaona nyali zabuluu.
Minibasi yonse inakhala chete,
aliyense dzanja pa thumba la mapepala,
ngakhale amene thumba lake munalibe kanthu.
Anaimitsa lole. Ife tinadutsa.
Wina kumbuyo anati Alhamdulillah, mawu atauma.

Kenaka phiri, lalitali chogona,
ngati ng'ombe zandondozana kumka kudambo.
Kukwera kwake ndi m'kabokosi kolendewera pa chingwe.
Abiti Sumani anatseka maso ndi mpango,
tasibihi ikuthamanga m'zala,
koma pakatikati anasuzumira
nati, eee, damu lonse lija lasanduka mbale!

Pamwamba mphepo inali yosaphunzira ulemu.
Inalanda kofiya ya Rajabu n'kupita nayo kwa eni ake.
Dzuwa litapendeka Che Twaibu anayang'ana wotchi,
natitsogolera kuseri kwa miyala, kutali ndi makamera.
Mlonda wina, wolankhula Chitswana,
anatiloza pampopi popanda kufunsa kanthu,
naima chapatali, kuthamangitsa ana othamanga.

Mafoni atatu anakangana za kibula.
Ya Rajabu inaloza kudamu,
ya Mwajuma inkangozungulira ngati yaledzera.
Che Twaibu anaika foni m'thumba,
nayang'ana mthunzi wake, naloza kumpoto:
Makka ndi uko.
Mukapendekera pang'ono kudzanja lamanja, ndi kwanu.

Sindinafune kumva zimenezo ndisanayambe kuswali.
Ndinayala jekete pa thanthwe lofunda,
chipumi pansi,
fungo la udzu wopsa ndi dzuwa
n'kukhala la ku Chikala, mwezi wa Okutobala,
pamene bambo ankandituma kukasaka mbuzi yosochera.
Ndinasokoneza kuwerenga marakaa.
Mulungu akudziwa kuti anali anayi kapena asanu.

Titatsika tinaotcha nyama pa waya wathuwathu,
umene Che Twaibu amausunga m'thumba la ufa,
sakubwereka, sabwereketsa.
A pa tebulo loyandikana nalo anatipatsa malasha,
ife tinawapatsa mpunga,
mabotolo awo anawasunthira mbali ina mwakachetechete.
Nyani anatsika mumtengo, natola samusa ziwiri,
Mwajuma nati musiyeni, nayenso amadya halali.
Tinaseka mpaka Abiti anatsamwa.

Asiri tinaswali pambali pa minibasi,
Magharibi pa malo omwetsera mafuta,
pakati pa pampu ya mpweya ndi khoma la chimbudzi,
magalimoto akutiwalitsa m'misana.

Joni anatilandira ndi utsi wake.
Ndatsika pa ngodya yomwe ija,
m'thumba muli kamwala kofiirira
komwe kanandidinda pachipumi.
Mawa kadzapsinja nsalu pa tebulo losokera.
Bwana akafunsa, ndidzati n'kopsinjira nsalu basi.